Thonje la pamkono pa ana anga

Adakana kachewere. Mwana wanga woyamba uja, woti ndikamakumba kudimba ankatola ting'onoting'ono n'kubisa m'malaya kuti akaotche yekha, tsiku limenelo adangoyang'ana mbale n'kutembenuka. Nditamuyasamitsa ndidapeza tizilonda toyera m'kamwa monse. Thupi lidatentha, lidazizira, mwezi wotsatira lidatenthanso. Malungo ankamuyeza, osawapeza.

Kuchipatala chachikulu adokotala adati asilikali a m'magazi mwake ndi ochepa, n'kutipatsa mankhwala. Kenaka kudabwera anamwino a zakafukufuku, mayi afupi, a mpata kumano. Adandifotokozera kuti m'thupi muli kanthu kamene kamauza asilikali aja kuti aswane, monga mvula yoyamba imatulutsira ngumbi pachulu, ndipo iwo amafufuza ngati kalimo kokwanira. Ndidafunsa kuti amakaona bwanji poti n'kosaoneka. Adandionetsa pafoni chithunzi cha kambale ka maenje ambirimbiri, ine n'kumayesa bawo. M'maenjemo, adati, amapakamo tinthu togwira kanthu kameneko kokha basi, ngati mbuzi yodziwa mwana wake m'khola lodzaza. Kakagwidwa, madzi a m'dzenjemo amasanduka achikasu.

Sadandinamize. Adati kafukufuku si mankhwala, ndipo ndikhoza kukana. Koma kuwonjezera pa magazi a wodwalayo, adapemphanso a mlongo wake amene adali kumsana kwanga, kuti afanizire, komanso kuti adokotala awerenge asilikali ake matenda asanamuyambe.

Titabwerera kunyumba, bambo a anawa adakana. Si ovuta ayi, ndi iwowo amene ankauzira phala la wodwalayo mpaka lizizire. Koma kwathu kuno ku Kaphuka tsitsi la mwana sitisiya pabwalo, zikhadabo timakwirira, nanga magazi? Adati wodwalayo sitingachitire mwina, koma wabwinobwinoyo asamukhudze. Mantha amenewo inenso ndidali nawo. Kungoti ndidalinso ndi ena. M'mawa uliwonse ndinkatsegula kakamwa ka kamtsikanako ndi chala, kusuzumira nkhama, iko n'kumandiluma ndi timano tiwiri, kumaseka. Ndidawauza bambowo kuti kudikira tizilonda sindingathe, ndipita naye. Iwo adangonyamula khasu.

Kuchipatala ndidapita nawo onse awiri. Singano ikulowa, maso anga adali pamanja pa anamwino. Kabotolo kochepa ngati chala, kapepala ka nambala osati dzina, m'bokosi lozizira, n'kutseka. Adati magazi otsala pa kafukufuku amawotchedwa. Ndiye adatenga thonje lomwe adapukutira pamkono pa wamng'onoyo kuti aponye m'ndowa.

“Amayi, thonjelo mundipatse,” ndidatero.

Adandiyang'ana, osandiseka. “Nalo, mwanangu. La mkuluyunso tenga. Amayi anga akadachita chimodzimodzi.”

Adandikulungira mu kapulasitiki, ine ndidamanga pamfundo ya chitenje. Tisananyamuke adokotala adatiuza kuti asilikali a wamng'onoyo ndi okwanira pakadali pano, koma ndizibwera nawo onse. Za madzi achikasu zija adati zimatenga nthawi.

Kunyumba ndidamasula mfundo ija pamaso pa bambo awo. Adaligwira thonjelo, kuliyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti mtsikana wawo adalira kwambiri kodi. Ndidati adalira pang'ono, kenaka adaluma anamwino. Adaseka mpaka kutsokomola.

Thonje lija ndidakalikwirira kuseri kwa nyumba, pomwe pali michombo ya anawa, n'kuponda dothi ndi chidendene. Mpaka pano, likafika tsiku lokayezetsa ndimabereka wamng'ono, mkulu kumugwira padzanja, ndipo pobwera chitenje changa chimakhala ndi mfundo.