Pomwe Piyano Inakhala Chete

Tionge Mbewe anabadwira ku Tsakane, pakhomo pomwe Chichewa chinkathera pageti, ukangotuluka n'Chizulu. Bambo ake, a Japhet, anali mtchona weniweni. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, natha zaka makumi awiri pansi pa mgodi wa golide, ndipo kwawo ankangopitako pakamwa.

Kuliza anakuphunzirira kutchalitchi, pa kiyibodi yothyoka mano awiri. Khutu anali nalo mtsikanayu: nyimbo akaimva kamodzi, zala zaigwira kale. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Atakula anapeza ntchito yoliza piyano pahotela ina ku Kempton Park, kulizira anthu odikira ndege omwe ankasamala za mafoloko awo kuposa nyimbo. Anapirira zaka zisanu ndi ziwiri. Atatopa n'kukhala ngati wailesi ya pakona, anayamba kupeka nyimbo za masewero. Anayambira pa timasewero ta kusukulu, mpaka gulu lina la zisudzo ku Germiston linamupempha sewero lathunthu la nyimbo. Iye anasankha nkhani ya matchona.

Mtima wa sewerolo unali nyimbo yomwe bambo ake ankang'ung'udza pometa ndevu. Inali yodukaduka: mawu pang'ono, kenako zii, mawu pang'ono, zii. Tionge ankangoti n'chifuwa cha kumgodi chikuwadula mpweya. Tsono mipata yonseyo anaidzaza ndi piyano, zala zikuthamanga ngati nkhuku zaona madeya. Oimba onse anaikonda.

Tionge ankafuna chinthu chimodzi basi: kuti a Japhet, omwe tsopano ankayenda pang'ono n'kuima, aimve nyimbo yawo pasiteji n'kuivomereza. Kutatsala sabata imodzi kuti sewerolo lionetsedwe, anawatengera kokonzekera. Anamvetsera chipewa chili pabondo, ndipo itatha sanaombe m'manja.

"Waliza bwino, Nambewe. Koma si yathu imeneyi."

Zinamupweteka kwambiri. Atafika kunyumba m'pomwe anafunsa chomwe chalakwika. A Japhet anamufotokozera kuti nyimboyo inali yonyamulira njanji pansi pa mgodi. Woyambitsa ankaponya mawu, ndipo pa zii paja m'pomwe amuna onse ankakweza chitsulo nthawi imodzi. Pakamveka phokoso lina pamenepo, wina ankaphonya, chitsulo n'kugwera mnzake. Mnzawo Ismaili wa ku Mangochi anasiya zala zitatu zakuphazi kumeneko, chifukwa kapitawo watsopano analiza wezulo pampatapo.

"Pamene paja si pachabe ayi," anatero. "Pali anthu akunyamula."

Mayi Deborah, woyendetsa sewerolo, anakanitsitsa zosintha. Ankati oonera adzayesa kuti woliza waiwala nyimbo. Tionge si munthu wa makani, koma tsiku limenelo anauma mutu, nafufuta zonse zomwe anazivutikira miyezi itatu. Apa ndiye pomupatsira ulemu Tionge. Ndi oliza angati angalole kufufuta malo enieni omwe luso lawo likuonekera?

Loweruka masana holo inadzaza. Kutsogolo kunakhala madala a kumgodi, atavala majekete awo a kutchalitchi, ena ndodo zili pakati pa miyendo. Nyimbo ija itafika, woimba anaponya mzere woyamba. Tionge anachotsa manja pa piyano n'kuwaika pamiyendo, mantha atamugwira kuti mwina mayi Deborah ankanena zoona.

Holo inati zii. Kenako kumipando kunachokera kubuula kumodzi kwakuya, madala onse pamodzi, mapewa akukwera nthawi imodzi popanda wowauza. Pampata wachiwiri zinali chimodzimodzi, mokwezanso. Achinyamata kumbuyo anasiya mafoni n'kuimirira kuti aone.

Tionge anatembenuka kufunafuna bambo ake. A Japhet, omwe masiku amenewo ngakhale ketulo inkawalemera, anali atawerama, manja onse awiri atagwira m'mphepete mwa siteji, mitsempha ya m'khosi ili panja. Ankanyamula. Misozi inamutseka Tionge m'maso moti pepala la nyimbo sankalionanso, koma pamenepo panalibe choti alize.