Kampango Koyera pa Bwalo la Ndege

Chifuwa chinayamba m'nyengo yozizira, tili ku Manyamula kumene amuna anga, bambo a Tamanda, ankagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Ife kwathu ndi ku Dedza, ndiye tinkangoti ndi mphepo ya ku Mzimba. Usiku amuna angawo ankatuluka thukuta, thupi likutha, lamba akuboola mabowo atsopano. Koma iwo mtima wonse unali pa ulendo, chifukwa boma linali litawasankha kukachita maphunziro kunja.

Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza mpaka ku bwalo la ndege ku Lilongwe. Poti nthawi inalipo, anandilowetsa m'bala ya pomwepo, ine ndi chitenje changa chatsopano, manyazi atandigwira. Anaitanitsa mowa wa m'botolo, ine chakumwa cha malalanje. Atangomwa pang'ono anatsokomola, n'kupukuta pakamwa ndi kampango koyera komwe ndinawasitira ndekha. Anakapinda msangamsanga, koma ndinali nditaona kale magazi.

"Ndikaonetsa komweko," anatero. Komweko kuti? Kopanda ndi wowaphikira phala yemwe? Ndinatenga chikwama chawo cham'manja, momwe munali tikiti, n'kuchikhalira. Anandinyengerera, kenaka anandikalipira chapansipansi kuopa anthu, ati ulendo wa boma sakana, ndiwachotsetsa ntchito. Ndinati, "Ntchito ithe, koma umasiye ine ayi." Mantha ndinali nawo, koma sindinadzuke. Ndege inanyamuka tikuiona pawindo, ndipo m'basi yobwerera sanandiyankhule mpaka tinadutsa pa Jenda.

Ku chipatala cha pa Boma anayeza makhololo n'kuwajambula pachifuwa. Dokotala anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo anawonjeza kuti, "Mukanachedwa, mapapo akanatha." Anawagoneka m'wodi ya odwala chifuwa okhaokha. M'mawa uliwonse jakisoni, mpaka pokhalira panavuta, kenaka mapiritsi, ndipo sabata iliyonse ankakwera sikelo. Ine ndinkaphika kukhitchini ya odikirira odwala, pamodzi ndi amayi a komweko omwe ankandigawira nkhuni ndi nyemba. Mmodzi, Nyajere, akandiona ndakhala ndwii ankati m'kayankhulidwe ka kwawoko, "Limbani mtima, amama, mbwenu achira." Sikelo inayamba kukwera pang'onopang'ono, chilakolako cha chakudya chinabwerera, mpaka anayamba kudandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Apo ndinadziwa kuti munthu wanga wabwerera.

Ntchito sanawachotse. Mvula itayamba anatuluka m'chipatala, mapiritsi n'kupitiriza kunyumba miyezi yambirimbiri. Akati, "Ndachira, basi," ine ndinkaima ndi kapu ya madzi mpaka ameze.

Patapita zaka ziwiri dzina lawo linatulukanso. Tinakakhala m'bala yomwe ija, ndipo ulendo uno anaitanitsa zakumwa za malalanje ziwiri. Anatsokomola dala, n'kupukuta pakamwa, n'kutambasula kampango patebulo, kali mbee! "Mayi a Tamanda, chikwama chija lero mundipatsa?" Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinawanyamulira ndekha mpaka pachipata.

Anapita, anaphunzira, anabwera. Lero ali bwinobwino, njinga amapalasa kuchokera ku Manyamula mpaka pa Boma osapumira. Anzanga, chifuwa chikakana kutha musadikire magazi monga tinachitira ife, thamangirani kuchipatala kudakali m'mawa. Ndege inatisiya ija inabweranso, koma amuna anga akanapita nayo tsiku lija, sindikudziwa ngati ndikanawaonanso.