Azakhali Athu, Omaliza pa Chikho

Akulu a mpingo andipempha kuti m'kalata yathu ya mwezi uno ndilembe mawu okumbukira Azakhali ochapa zovala, amene tawaika m'manda posachedwapa. Andiuza kuti ndisaiwale kutchula kudzichepetsa kwawo, poti pa Mgonero ankakhala omaliza pa mzere nthawi zonse. Nditchula ndithu. Koma ndilembanso chimene chinawaika kumapeto kumeneko.

Kutali kumene ndinakhala zaka zambiri ndinawerenga mbiri za oyera mtima ambiri. Ena anaponyedwa kwa mikango, ena anaotchedwa. Sindinapeze ndi mmodzi yemwe amene ankanunkha m'kamwa. Mwina analipo, kungoti olemba mbiri nawonso ali ndi mphuno.

Azakhali anali oyamba kubadwa m'nyumba ya ana ambiri. Mayi awo atamwalira anasiya sukulu n'kulera alongo awo, bambo anga akukwawa. Anayamba kuchapira anthu akadali mtsikana, ndipo anakalambira pa beseni, chingwe choyanikira ndi simbi yamakala. Anakwatiwako pang'ono, mwamunayo n'kupita kukafuna ntchito. "Akufunabe," ankatero akafunsidwa. Nsalu ya patebulo la Mgonero ankachapa ndi kusita ndi iwo. Chikho chathu chachikulu, chimodzi chomwecho chimene tonse tinkamwera, ankachipukuta mpaka kudzioneramo. Ine ndili mwana, nyimbo ankayambitsa ndi iwo, ndipo akaseka mano onse ankangoti mbee.

Matenda anayamba nditachoka kale. Zambiri ndamva kwa atelala oyandikana nawo khomo, amene sapemphera nafe. Poyamba nkhama zinkangotuluka magazi potsuka mano. Kenako zinatupa n'kuchita mafinya, mano n'kuyamba kugwedera. Kuchipatala anawauza kuti afika mochedwa, matenda alowerera mpaka m'fupa la nsagwada. Mano ena anawazula, ena anaguluka okha. "Mano anga ndi aulemu," ankauza atelala. "Akuchoka limodzilimodzi, osakankhana pakhomo."

Ululu anaupirira. Chimene mpingo unalephera kupirira ndi fungo. Benchi imene ankakhalapo inayamba kutalika. Nyimbo anapatsidwa wina, ati kuti iwo apumule. Pa Mgonero, wobwera pambuyo pawo ankatembenuza chikho, kufunafuna mbali imene milomo yawo sinakhudze. Achifuwa ankamwa, amiseche ankamwa, palibe ankatembenuza kanthu.

Tsiku lina amayi apampando a bungwe la amayi anafika, n'kuwapeza akusita. M'manja anali ndi kapu yatsopano yokulunga m'pepala.

"Azakhali, tinaganiza kuti pa Mgonero muzikhala ndi kapu yanuyanu. Ndi ulemu umenewu."

"Zikomo, amayi. Kodi Ambuye patebulo paja anali ndi makapu angati?"

"Aa, inunso! Nthawi imeneyo kunalibe matenda a masiku anowa."

"Kunali akhate, amayi." Anaika simbi pansi. "Kapuyi ndalandira, ndizithiramo madzi owaza zovala. Koma ine ndizimwa pamene mumamwa inu. Ndizibwera kumapeto, musavutike."

Kudzichepetsa kumene mwandituma kuti nditamande kunabadwa chonchi. Sikunali kukonda kumbuyo ayi. Unali mtengo wokhalira m'kati mwa mpingo, pamene mpingowo unkawakankhira pakhonde mwaulemu. Mgonero ukafika ankadikira onse atadutsa, kansalu kali pakamwa, kenako n'kudzuka. Nthawi zina ankapeza dontho lokha. Atelala anawafunsa chimene ankavutikira ndi anthu owanyansidwa. Iwo anati, "Sindipita kukamwa nkhope zawo, anzanga." Mapemphero akatha ankanyamula chikho chomwecho kukatsuka, n'kuchotsa milomo ya tonse.

Zaka zomalizira nsagwada inatupa n'kuuma, pakamwa n'kumangotseguka polowa kasupuni. Ankadya zamadzimadzi zokha. Simbi inawalemera, nsalu ya patebulo n'kupita kwa ena. Kutchalitchi analeka kufika.

Masana ena abusa atsopano, amene nkhaniyi sankaidziwa, anabwera kudzawapatsa Mgonero pakhomo. Anatsagana ndi amayi apampando aja ndi mkulu wa mpingo mmodzi. Anatenga chikho chenichenicho. Atelala anali pakhomo, akuyang'ana. Poti odwala ndiwo amayamba, abusa anawadzutsa mutu n'kuika chikho pamilomo yawo. Azakhali anameza movutikira, n'kulankhula mano otsalawo ali olumana.

"Lero ndayamba ine? Ndiye kuti ndikupitadi."

Abusa anaseka, n'kumwa pomwepo osatembenuza. Mkulu wa mpingo anatembenuza. Amayi apampando anati ali ndi chimfine, sakufuna kupatsira anzawo.

Azakhali anaona zonse. Anangopempha kuti chikhocho achitsuke ndi madzi ofunda, osakwecha ndi waya, poti chimakalika msanga. M'mawa mwake atelala anawapeza atagona chammbali, dzanja lili patsaya lotupa lija, nkhope ili phee ngati munthu amene dzino lamuleka.

Ine ndinafika pa maliro. Ndinamva amayi apampando akulira mokweza, akuti, "Anali mayi wosafuna malo apamwamba. Tonse tikamathamangira kutsogolo, iwo ankasankha kumbuyo." Anthu anavomera ndi mitu. Atelala anadzuka n'kutuluka.

Lamulungu lapitali ndinaona kuti kwabwera thireyi ya tikapu ting'onoting'ono, aliyense kake, kumwa ali pampando. Akuti n'zaukhondo. Chikho chakale chili m'kabati, chayamba kuda, poti wochipukuta uja kulibe. Mpingo umene ndinausiya unali wosauka, koma unkamwera pamodzi. Kapena ndimangoganiza choncho chifukwa ndinachoka Azakhali akadali ndi mano.

Ause mumtendere mdzakazi wa Ambuye ameneyu, pa tebulo limene sapatulira munthu kapu. Kwa achinyamata amene akuuzidwa kuti atsanzire Azakhali pokhala omaliza, ndikuti musavutike, mzerewo unatha. Ntchito imene anatisiyira inali yaing'ono kuposa pamenepo, ndipo inali yathu, osati yawo: kudzuka, kukaima kumbuyo kwawo, n'kumwa osatembenuza chikho. Zaka zonsezo, m'tchalitchi lodzaza, malo amenewo analibe munthu.