Nsanja Yanga ya ku Nsefu

Ndikugwira ntchito yoperekera zakudya pa kampu ya alendo odzaona nyama, mayi wina wa ku Jeremani anandionetsa chithunzi cha tchalitchi cha Lutherani cha mumzinda wa kwawo. Chinali cha miyala, mazenera ake osongoka pamwamba, nsanja yake yaitali kuposa mlambe. Anati pa nkhondo mabomba anagwetsa denga ndi makoma, koma nsanjayo inatsala chilili.

Ine basi mutu unakula. Nditabwerera kwathu ku Nsefu ndinavutitsa akulu a mpingo mpaka anandilola kumanga nsanja pa katchalitchi kathu ka udzu. Ndinaimanga ndi njerwa zosawotcha, ndikulongosola mbiri ya mzinda umene sindinaupondemo. Belu lathu, chitsulo cha gudumu la galimoto, tinalichotsa mumtengo wa mango n'kulipachika pamwamba.

Mvula isanagwe kunabwera njovu yofuna pokandira msana. Inatsamira pang'ono, nsanja yonse gumu! Katchalitchi ka udzu sikanagwedezeke n'komwe.

Msilikali woyang'anira nyama atabwera kudzaona, anandifunsa mwaulemu: "Bambo, chulu chimenechi chinali chanu?"