Nyali Yofiira ya Mayi Nangauyu

Ntchito ya achemwali anga ndi yovuta kuifotokoza kwa achibale. Azakhali mpaka lero amauza anthu kuti mwana wa mchimwene wawo amalipidwa chifukwa cholowerera za eni, ndipo sanaphonye kwenikweni. Makampani amawaitana akafuna kusintha kagwiridwe ka ntchito, kapena antchito akayamba kung'ung'udza kuti ena akusalidwa. Iwo amafika ndi kachikwama kakuda ndi nsapato zafulati, n'kukhala kumbuyo phee. Bwana akamaliza kuyala dongosolo lake lokongola, amakweza dzanja n'kuloza munthu amene aliyense wamuiwala: "Nanga uyu?" M'maofesi ambiri dzina lawo linatayika kalekale. Amangoti Mayi Nangauyu.

Khalidweli sanalitenge kusukulu. Bambo athu samva chibadwire, ndipo ankagwira ntchito pafakitale yocheka matabwa. Tsiku lina belu loimitsa makina litalira iwo anapitiriza kukankha thabwa, kapitawo n'kuti ndi mwano. Powachotsa ntchito panasowa wodziwa chinenero chamanja, ndiye akufakitale anakatenga achemwali m'kalasi, yunifolomu ili m'thupi. Manja a achemwali ndi amene anauza bambo kuti ntchito yatha. Nkhaniyi kwathu sitinkaikamba, koma achemwali inawakhala pakhosi.

Chaka chatha fakitale ina ya sopo inawaitana kuti akaphunzitse mabwana za kugwira ntchito mosasalana. Eni ake ankafuna zatsiku limodzi: chipinda chozizira bwino, timabotolo ta madzi, kenako chithunzi onse akumwetulira. Achemwali, mwachizolowezi chawo, anayamba kaye azungulira kumakina. Kumeneko anapeza mayi wina wosamva, wolongedza sopo m'makatoni, atauzidwa kuti mwezi ukatha asadzabwerenso. Mlandu wake unali wosatsatira malangizo, chonsecho malangizo onse ankalengezedwa pa chimkuzamawu.

Anafika kunyumba maso ali psuu. Ine, mlongo wawo wamantha, ndinayesa kuwazizilitsa.

"Achemwali, anakuitanirani maphunziro, osati milandu. Mutaya kasitomala."

"Iwe, kasitomala ndipeza wina," anatero akuvula nsapato. "Mayi uja ntchito ina akaipeza kuti?"

Tsiku la maphunziro mabwana anakhala m'mipando yawo yofewa, zolembera m'manja. Achemwali anaima kutsogolo, osatsegula pakamwa. Anayamba kulankhula ndi manja okhaokha. Poyamba ena anaseka, kenako anayamba kuyang'anana, wina n'kumasula tayi. Achemwali anapitiriza mpaka m'chipindamo munayamba kutentha.

Atatsegula pakamwa anati, "Ndakupemphani mobwerezabwereza kuti muimirire. Palibe waimirira. Ndinene kuti ndi mwano?"

Bwana wamkulu anamenya tebulo. "Mayi, sitinakuitanireni kudzatichititsa manyazi."

"Ayi bwana. Inu mwangolawako pang'ono. Mayi wa kumakatoni uja wakhala choncho chiyambire ntchito pano."

Maphunziro anathera pomwepo, chithunzi osajambulidwa. Wina akanapinda mikono, koma achemwali ndi nkhakamira. Anabwereranso mawa lake, ndi mkuja, n'kumakhala pabenchi ya alendo mpaka mlembi wa pakhomo anayamba kuwasungira kapu yawoyawo ya tiyi. Sankapempha zambiri. Ankafuna nyali yoyaka nthawi imodzi ndi belu la pamakina, bolodi lolembapo zolengeza, ndiponso kuti makapitawo aphunzireko zizindikiro zochepa zamanja, zomwe anati awaphunzitsa okha. Bwana wamkulu ankadzera khomo lakumbuyo powathawa, mpaka tsiku lina anakumana nawo maso ndi maso poimika galimoto. Kaya anamvetsa, kaya anangotopa nawo, ine sindidziwa. Mwezi usanathe wamagetsi anakwera makwerero n'kupachika nyali yofiira pamwamba pa makina, ndipo mayi uja anauzidwa kuti apitirize ntchito.

Kampaniyo sinawaitanenso, monga ndinanenera. Ndikawakumbutsa amangondiyang'ana ngati ndawauza kuti kunja kukuwala dzuwa.

Chomwe chinandikhudza ine chinachitika Lamlungu lotsatira. Tinapeza bambo pakhonde akukhoma mwendo wa mpando, tsitsi lili mbuu ndi ukalamba. Achemwali anakhala patsogolo pawo n'kuwafotokozera zonse ndi manja. Bambo anaika hamala pansi.

"Nyali zingati?" anafunsa ndi zala.

"Imodzi."

Bambo anakwezanso manja. Kenako anati, "Ndiye kuti inenso inangosowa nyali imodzi basi?"

Achemwali, amene sasowa chonena pamaso pa bwana aliyense, manja awo anagwera pamiyendo. Misozi inali mbwembwembwe m'masaya mwawo. Bambo anatenga manja awiriwo, kuwasisita ndi zikhatho zawo zokhakhala, kenako n'kuwasiya. Bambowo analankhula ndi zala.

"Tsiku lija manja awa sanalakwe, mwanawe. Anangotumidwa."

M'mawa mwake ndinamva chitseko chikutsekedwa ndisanadzuke. Kachikwama kakuda panalibe pamsomali.