Sikirini ya m'khola la zitsulo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, omwe ankaimba kwaya ndi akazi a bambo Mpinga, eni shopu yokonza makompyuta ku Balaka. Tsiku lomwe ndinafika kuchokera ku Chikweo, abwanawo anandiuza mosabisa kuti kasitomala akangobweza katundu chifukwa cha ine, ndibwerera kukalima thonje.

Che Amidu a ku Ntaja ankatsegula malo oti achinyamata azisewera mpira wa pakompyuta. Tinawagulitsa kompyuta ndi sikirini, n'kuwaikira pulogalamu ya Linux ndi madalaivala ake aulere, mapulogalamu oyendetsa zipangizo aja aliyense amatha kuona mmene anawalembera. Posakhalitsa anaimba foni kuti chithunzi chikung'ambika pakati, wosewera akamathamanga miyendo kwina mutu kwina.

Mankhwala ake ndinkawadziwa. Pali njira yoti sikirini iziyendera limodzi ndi kompyuta, amati adaptive sync. Sikirini yawoyo pamadalaivala athu inkalola zimenezi kudzera pachingwe cha DisplayPort chokha, osati cha HDMI chomwe chinabwera m'katoni. Ndinakwera minibasi chingwe cha DisplayPort chili m'chikwama, ndikuti ntchito yosachedwa.

Nditafika ndinapeza zina. Poopa akuba, Che Amidu anali ataitana wowotcherera n'kutsekera sikiriniyo m'khola la zitsulo pakhoma. Kunsi komwe kuli mabowo a zingwe anamatako chitsulo, HDMI ikutulukira pakabowo ngati mchira wa mbewa. Ngakhale chala sichikanalowa.

Ndinasintha masetingi, ndinayesa kaadaputa kumapeto kwa mchirawo, koma ayi ndithu. Thukuta lili kamukamu, ndinawauza kuti mpofunika kudula.

"Iyayi, mwanangu," anatero. "Khola langa lidulidwe chifukwa cha chingwe? Bola mutenge kompyuta yanuyo."

Munda wa thonje ndinauona m'maso. Ndinawachonderera mpaka analola kuti tiboole kawindo kakang'ono basi. Wowotcherera atangofika ndi galayinda yodulira zitsulo, magetsi anazima, ndipo tinakhala pakhonde kudikira mpaka eni ake anapita kumzikiti n'kubwerako. Magetsi atayaka, ndinavula chitenje n'kuphimba sikirini kuti moto wa galayinda usaiwononge.

Nditalowetsa DisplayPort, mpira unayenda myaa. Che Amidu anangogwedeza mutu n'kuuza wowotcherera kuti atsekenso. Ndinabwerera ku Balaka nditatheratu, koma kompyuta inatsala ku Ntaja.

Chitenje chija ndikadali nacho, mabowo okhaokha. Lero munthu akagula sikirini, ndisanamufunse za masewera ndimayamba ndafunsa kuti wowotcherera abwera liti, ine ndikafike iye asanafike.