Tsiku Limene Anandimenya Anthu Akuwomba M'manja

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene anandithyola dzanja pakati pa bwalo la mpira, masanasana, anthu akuwomba m'manja. Amayi anga anali m'gulu la owomba m'manjawo.

Tinkakhala ku Braunstone, kuno ku England, m'nyumba ya khonsolo. Ndinabwera kuno kuchokera ku Ndirande ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, mashifiti osatha, ndipo ankaopa kuti ndizingoyendayenda ndi anyamata a m'misewu. Choncho anandilowetsa m'bandi yoguba ya achinyamata imene anthu a kutchalitchi kwathu anayambitsa. Ambiri tinali ana a Amalawi, ena a ku Zambia, ndi azungu ochepa a m'dera lomwelo. Ine ndinkaimba ng'oma yaing'ono ya timitengo tiwiri. Sindinama, ndinkaitha. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinkachita bwino m'dziko lino.

Wotiphunzitsa anali Ankolo Mbewe. Sanali m'bale wathu, koma kuno mwamuna aliyense wa ku Malawi amene wamera imvi ndi ankolo. Kumudzi ankaimba lipenga m'bandi ya asilikali. Kwa iwo bandi inali mzere wowongoka basi: yunifolomu yofiira, nsapato zopolishidwa, chibwano m'mwamba, nyimbo za perete ndi za m'buku la tchalitchi. Loweruka lililonse tinkaguba pamalo oimikapo magalimoto kuseri kwa holo ya tchalitchi, mphepo ikutidula makutu. Iwo ankayenda pambali atagwira kamtengo ka ng'oma. Ukaphonya phazi, kamtengoko kankakupeza kuseri kwa bondo, pamene aphunzitsi akusukulu sangaone.

"Pita ukanene kupolisi," ankatero. "Tione ngati apolisiwo angakuphunzitse kuguba."

Vuto linali loti pampikisano uliwonse tinkakhala omaliza. Mabandi ena anali atasintha kalekale. Ankathamanga, kuvina, kugona pansi, kubweretsa makwerero ndi nsalu zazikulu, kusewera nkhani yathunthu pabwalo. Ife tinkangoguba kupita uko, kubwerera kuno, ngati tikuperekeza maliro a msilikali. Makolo anatopa ndi manyazi. Anaitana Achimwene Dalitso, mwana wa nesi wina wa kutchalitchi, amene anaphunzira zisudzo ndi magule kuyunivesite. Anali ndi ndolo kukhutu ndi foni yodzaza mavidiyo a mabandi a ku America.

Chionetsero chimene anabweretsa chinali cha achinyamata omenyana ndi kubayana m'misewu. Yunifolomu ayi, tonse majuzi akuda a zipewa. Pakati pa chionetsero malipenga azikhala chete, anyamata anayi aziika ng'oma zawo pansi ndi kuzungulira mnyamata mmodzi, kumumenya mateche iye akukuwa. Kenako atsikana a mbendera azimufunditsa nsalu yoyera, bandi n'kumuimbira nyimbo ya maliro.

Ankolo atamva anavula chipewa n'kuchiponya pampando.

"Ine ndaphunzitsa ana awa kuima ngati anthu. Iwe ukufuna agone pansi ngati agalu?"

"Ankolo, perete wanuyo anapita ndi atsamunda. Anthu akufuna kanthu kowakhudza mtima."

"Akufuna kukhudzidwa mtima apite kuchipatala kwa amayi ako."

Makolo anaitanitsa msonkhano muholo. Atakangana mpaka kutopa, wina anati afunsidwe anawo. Ana onse anayang'ana pansi. Obadwira kuno anang'ung'udza m'Chingerezi, palibe anamva. Ine ndinaimirira. Sikuti ndinkadziwa kanthu za luso la zionetsero. Kuseri kwa mawondo anga n'kumene kunkayankhula. Ndinati, m'Chichewa chomveka bwino kuti aliyense amve, "Ankolo, ife tatopa kukhala omaliza. Zanuzo zinatha."

Amayi anabisa nkhope m'manja. Makolo anakweza manja kusankha za Achimwene Dalitso, ndipo Ankolo anatsala ndi ntchito yophunzitsa nyimbo yokha. Kumbuyo kunali mwana wawo Yamikani, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, woimba ng'oma yaikulu, chifuwa ngati chitseko. Anandiyang'ana osaphethira mpaka tinatuluka.

Pofuna wogona pansi, Achimwene Dalitso anasankha ine, ati ndine wolimba mtima. Pofuna omenya, anasankha anyamata akuluakulu kuti azioneka bwino patali. Akuluakulu m'bandi mwathu anali a ng'oma zazikulu: Yamikani ndi anzake atatu. Munthu wophunzira mpaka kuyunivesite sanaone vuto lililonse pamenepo.

Pokonzekera, mateche awo ankagwera pansi pambali panga, ine n'kumadzigwedeza ndi kukuwa kuti "Ndisiyeni!" Achimwene Dalitso sankakhutira.

"Limbani, iwe ukukuwa ngati basi yakusiya. Kuwa ngati ukufa! Inunso anyamata, sizikuoneka zenizeni."

"Musadandaule achimwene," Yamikani anatero. "Tsikulo zidzaoneka."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka.

Pali lamulo limodzi limene akuluakulu awiriwa sanakanganepo. Bandi ikayamba, siima. Ankolo ankati wina akakomoka pamzere, m'dumpheni, adzuka yekha. Achimwene Dalitso ankanena zomwezo m'mawu ena: wochoka pamalo ake wataya mapointi a gulu lonse. Lamuloli tinalimeza tonse. Tinali titadumphapo kale mtsikana wina amene anakomoka ndi njala, ndipo akuluakuluwo anatiyamikira.

Mpikisano unachitikira m'tauni ina kupitirira Loughborough. Kunali dzuwa, chinthu chosowa kuno. Ndikukumbukira fungo la udzu wongotchetcha kumene ndi la anyezi okazinga kuchokera m'galimoto yogulitsa zakudya. Amayi anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti abwere, anamanga chitenje pamwamba pa thalauzi, foni ili m'manja. Ankolo anabwera atavala yunifolomu yawo yofiira yonse, okhaokha, n'kuima m'mphepete mwa bwalo manja ali kumbuyo.

Tinayamba bwino. Kwa nthawi yoyamba ndinaona anthu akusiya kudya kuti ationere. Malipenga anakhala chete. Ng'oma zotsala zinayamba kugunda pang'onopang'ono, ine ndinathamangira pakati monga tinakonzera, ndipo anayi aja anandizungulira. Wina anandikankha, ndinadzigwetsa.

Theche loyamba linalowa m'nthiti. Mpweya wonse unatuluka. Ndinaganiza kuti wina waphonya. Lachiwiri linandipeza pakamwa, ndinamva mchere wa magazi ndi udzu m'mano. Pamenepo ndinadziwa. Ndinakuwa kuti "Ndisiyeni!" ndi mphamvu zanga zonse, koma amenewo ndiwo anali mawu anga a m'chionetsero. Ndinayesa kudzuka, wina anandiponda pamsana. Kuyesa kudzukako kunalinso m'chionetsero.

Yamikani anawerama ngati akusewera mbali yake, chipewa cha juzi chitaphimba nkhope.

"Yankhula tsopano, loya. Zanuzo zinatha, eti?"

Dzanja langa lamanja linali pa udzu, likadagwira kamtengo. Yamikani analiyang'ana kaye. Sanachite mwangozi ayi. Anakweza phazi n'kutsitsa chidendene, ndipo ndinamva phokoso ngati munthu akuthyola nzimbe pabondo.

Kudzera pakati pa miyendo yawo ndinkaona mzere wa oimba malipenga. Anali pafupi, ankaona zonse. Mnzanga amene tinkakwera naye basi tsiku lililonse anali atatong'ola maso, lipenga lili pachifuwa, koma mapazi ake anali pamalo ake. Ndinaona Achimwene Dalitso atagwira pakamwa. Anasuntha phazi limodzi, n'kuyang'ana kumene kunakhala oweruza, n'kulibweza. Ankolo sanasunthe n'komwe.

Nthawi ya mateche itakwana anayi aja anabwerera ku ng'oma zawo. Atsikana anabwera ndi nsalu yoyera. Mmodzi anaona nkhope yanga n'kunong'ona kuti, "Mayo, Limbani, magazi!" Anandifunditsa ndi kuthamangira pamalo ake.

Ndinagona pansi pa nsaluyo nyimbo yonse ya maliro. Munkatentha. Ndinasanza momwemo. Nyimbo itatha bwalo lonse linaphulika, ndipo pakati pa phokosolo ndinamva nthungululu imodzi yaitali. Ndinaidziwa. Inali ya amayi.

Tinakhala achiwiri. Bandi yathu inali isanagwirepo chikho.

Kuchipatala anapeza mafupa awiri a dzanja atathyoka ndi nthiti imodzi itang'aluka. Dokotala atafunsa chimene chachitika, amayi anayankha ine ndisanatsegule pakamwa, ati ngozi ya pachionetsero. Atatuluka dokotalayo anagwira phazi langa, chifukwa kwina konse kunkawawa, n'kuyamba kulira.

"Ndinajambula zonse, mwananga. Ndimati ukuchita bwino." Anapukuta misozi ndi chitenje. "Koma usanene. Yamikani amutsekera. Tilipo ochepa kuno. Kutchalitchi tidzakhala pati?"

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, anabwera kwathu atatu: Ankolo, Yamikani ndi Achimwene Dalitso. Ndinkayembekezera kumva mawu opepesa. Ankolo sanakhale pansi. Anavula lamba n'kuyamba kumenya mwana wawo pabalaza pathu pomwepo, kumsana, m'khosi, m'mutu. Chitsulo cha lamba chinang'amba chikope, magazi anadontha pa kapeti. Yamikani sanalire, sanatchinge n'komwe. Anangopinda mapewa m'njira ya munthu amene anazolowera. Amayi anachita kukakamira dzanja la Ankolo kuti asiye.

Ankolo anatembenukira kwa ine akupuma mwawefuwefu.

"Wakhutira?"

Amayi anapita kukapanga tiyi, chifukwa alendo ndi alendo. Ndipo ine ndili pomwepo, dzanja lili m'chikhakha, Yamikani atagwira kansalu pankhope, akuluakulu awiri aja anayamba kucheza. Achimwene Dalitso anati zachitikazi n'zachisoni kwambiri, koma chigawo chomenyana chija oweruza anachikonda, chaka chamawa asachichotse, angochikonza bwino. Ankolo anati angalole ngati yunifolomu ibwerere ndipo bandi ilowe m'bwalo moguba. Anagwirana chanza. Amayi anati Mulungu ndi wabwino, mtendere wabwerera.

Dzanja linapola mokhota. Zala ziwiri sizipinda bwino mpaka lero, ndipo kukazizira zimaluma. Kamtengo ka ng'oma ndimagwira, koma kukagudubuza mwachangu monga kale sindingathe. Bandi ndinaisiya. Sukulu ndinadzaisiyanso, koma zimenezo ndi zifukwa zanga, musandimvere chisoni. Panopa ndimanyamula makatoni kunyumba yosungiramo katundu.

Chaka chotsatira ndinapita kukaonera. Sindinauze munthu. Ndinakwera basi ndekha n'kukaima kumpanda. Analowa moguba, ofiira okhaokha, mizere yowongoka ngati yojambula ndi rula. Yamikani panalibe, anali atathawa pakhomo pa bambo ake. Pakati pa chionetsero malipenga anakhala chete, ndipo kamnyamata kena kochokera ku Wigston, kochepa kuposa mmene ndinalili ine, kanathamangira pakati n'kudzigwetsa. Anayi anakazungulira. Kanakuwa.

Sindikukumbukira ndikudumpha mpanda. Ndinangozindikira ndili pakati pa bwalo, ndakankha wina wagwera pa ng'oma yake, wina ndamugwira pakhosi ndi dzanja langa labwinoli. Nyimbo inasokonekera, kenako inaima. Ndinagwada kuti ndione kamnyamatako.

Sankakamenya ayi. Panalibe ngakhale kachilonda. Kanandiyang'ana ngati ndine wamisala, n'kuyamba kulira chifukwa ndawononga chionetsero chake.

Alonda anandikoka ngati thumba, mmodzi atandipotokola dzanja lomwe lija. Anthu ankandikuwiza. Bandi inakhala yomaliza. Achimwene Dalitso ananditukwana m'Chingerezi, Ankolo m'Chichewa, onse awiri pamodzi. Amayi anakhala nthawi osapita kutchalitchi chifukwa cha manyazi, ndipo mpaka lero pali anthu amene akandiona m'basi amayang'ana pawindo.

Nthawi zina ndimamva anthu akukangana ngati bandi iziguba mwachikale kapena izisewera nkhani mwatsopano. Ine zimenezo sizindikhudza. Ndinalawa zonse ziwiri, kamtengo ndi chidendene, ndipo kuwawa kwake sikusiyana kwenikweni.

Chimene ndinatolapo n'china. Kwa nthawi yaitali ndinkadana ndi amayi chifukwa cha nthungululu ija. Nditaima kumpanda ndiye ndinaona chimene iwo anaona. Patali, kukuwa kwa mwana amene akusewera ndi kwa mwana amene akuthyoledwa n'kumodzi. Ine mwini, amene ndinagonapo pamenepo, sindinathe kusiyanitsa. Amayi ndinawakhululukira tsiku lomwelo, m'basi pobwerera. Amene anali pafupi n'kusunga mapazi awo pamzere, amenewo ayi. Ngati sukudziwa, umapita kukaona. Ukhoza kupeza kuti palibe vuto, anthu n'kukuseka ndi kukutukwana, monga anachitira ine. Manyazi amenewo ndinawasenza ndipo sanandithyole fupa lililonse. Mwana akadzakuwanso ine ndili pafupi, ndidzalowanso m'bwalo.